Mpira unafika ku America mipando yonse ili ndi eni

Pa 29 June 1950, mumzinda wa Belo Horizonte ku Brazil, timu ya America inakwapula England 1-0 pampikisano wa chikho cha dziko lonse. Angerezi ndiwo analemba malamulo a masewerawa, ndipo anabwera ndi akatswiri amene mpira unali khasu lawo. Anyamata a ku America ambiri ankasewera akaweruka kuntchito. Harry Keough ankagawa makalata, Walter Bahr anali mphunzitsi, goloboyi Frank Borghi ankayendetsa galimoto yonyamula maliro, ndipo amene anamwetsa chigolicho ndi mutu, Joe Gaetjens wa ku Haiti, ankatsuka mbale mulesitilanti ku New York uku akuphunzira. Mtolankhani wochokera ku America amene anali pabwalopo anali mmodzi yekha, ndipo anachita kudzilipirira ulendo. Anyamatawo pobwerera kwawo sanapeze ng'oma kapena nthungululu pabwalo la ndege. Anangopitiriza ntchito zawo, ndipo panadutsa zaka 40 America isanaonekenso pampikisanowu.

Kuno kwathu Flames itathibula Algeria 3-0 ku Angola mu January 2010, anthu anavina m'misewu, ndipo mpaka lero ambiri akhoza kukuuzani kumene anaonera masewerawo ndi amene anakhala naye pabenchi. Umu ndi mmene mayiko ambiri amachitira. Bungwe la FIFA lili ndi mamembala 211, pamene United Nations ili ndi 193. Fainolo ya 2022 ku Qatar, Argentina itagonjetsa France pamapenate, FIFA inati inaoneredwa ndi anthu pafupifupi 1.5 biliyoni. Koma bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup litafunsa anthu a ku America kumapeto kwa 2023 za masewera amene amakonda kuonera kuposa onse, 41 pa 100 alionse anatchula football yawo ija ya mpira wooneka ngati papaya, wonyamula m'manja atavala zipewa zolimba. Baseball inapeza 10, basketball 9, mpira wamiyendo 5 basi. Dziko lolemera kuposa onse, lokonda masewera modetsa nkhawa, limene nyimbo zake ndi mafilimu ake zinalowa m'nyumba iliyonse, n'lomwenso linakana chinthu chimodzi chimene ena tonse timagwirizana.

Chifukwa chiyani? Theka la yankho lili m'chikulunga. Mwana amatola majumbo kudzala, n'kuwapanikiza, kuwakuta ndi chigamba cha thumba, kenaka kuluka linya kapena malegeni mozungulira mpaka chinthucho chitalimba. Golo ndi njerwa ziwiri kapena masilipasi, kukula kwake amayesa ndi mapazi. Mtanda wam'mwamba kulibe, choncho mpira ukadutsa chapamwamba mkangano wake umadya mphindi zisanu. Wamng'ono kwambiri kapena wonenepa ndiye wapagolo. Woyimbira palibe. Mwini mpira sachotsedwa mutimu ngakhale atakhala mbuli yotani, ndipo amayi ake akangomuitana kuti akagule mchere, masewera athera pomwepo. Pelé anakulira ku Bauru akumenya sokosi yodzaza manyuzipepala, ndipo malamulo a m'khwalala lakwawo sakanasiyana kwenikweni ndi a ku Ndirande kapena ku Chawama.

Masewera a ku America safuna umphawi wotere. Football yawo imafuna chipewa, zotchinga mapewa ndi mano, ndiponso mphunzitsi wowerengera anyamata njira zoti athamangemo. Baseball imafuna ndodo, golovesi ndi bwalo lalikulu. Hockey imafuna madzi oundana. Basketball ndiyo yotsikirako mtengo, ndipo n'chifukwa chake ndi yokhayo mwa anayiwa imene yayenda kwambiri kunja, komabe imafuna mkombero, pansi posalala ndi mpira wonjanja. Chikulunga sichinjanja.

Thupi nalonso mpira wamiyendo susankha. Maradona anali wamtali mamita 1.65, Messi ndi 1.70. Muligi ya basketball ya NBA munthu wa mamita awiri ndi wamba, ndipo amuna oima kutsogolo mu football ya NFL amalemera makilogalamu oposa 130. Mwana wa ku America wamfupi ndi wowonda amadziwa akadali kusekondale kuti makomo amenewo ngotseka. Mwana wotero ku Rosario kapena ku Dakar amangophunzira kudoda.

Palinso nkhani ya kuchepa kwa zigoli, imene anthu a ku America amaitchula ngati chilema pamene kwa ife ndiye mchere wake. M'masewera amene timu iliyonse imagoletsa maulendo 40 kapena 50, wamphamvu amapambana pafupifupi nthawi zonse chifukwa mwayi umasungunuka m'kuchuluka kwa zigoli. Pamene chigoli chimodzi chikhoza kutha nkhani, wofooka ali ndi chiyembekezo: atseke kumbuyo, goloboyi adzuke bwino, kona imodzi igwere pamutu woyenera. Senegal inatero kwa France mu 2002, Cameroon kwa Argentina mu 1990, ndipo America yomweyo inatero ku Belo Horizonte. Dziko losauka limene silingapikisane ndi Germany pa mafakitale kapena pa mankhwala likhoza kuima nayo mphindi 90 pa udzu umodzi, anthu khumi ndi mmodzi mbali iliyonse.

Koma ubwino wa masewera paokha sufotokoza zonse, chifukwa ukanakhala wokwanira bwenzi America itagwa nawo kale m'chikondi. Chachikulu ndi nthawi imene mpira unafika pamalo, ndi chimene unapezapo.

Bungwe la Football Association linabadwa ku London mu October 1863, ndipo chisanathe chakacho linali litagwirizana malamulo oletsa kuthamanga ndi mpira m'manja. Amene sanakondwe anapatuka, n'kudzakhazikitsa bungwe lawo la rugby mu 1871. Nthawi imeneyo Britain ndiyo inkayendetsa malonda a dziko lapansi, ndipo anthu ake anali ponseponse: amalinyero m'madoko, akatswiri a njanji, akalaliki a m'mabanki, aphunzitsi. Mpira unayenda m'masutukesi mwawo. Charles Miller anatsika nawo ku Brazil mu 1894 pochokera kusukulu ku Southampton. Mphunzitsi wa ku Scotland, Alexander Watson Hutton, anakhazikitsa bungwe la mpira la Argentina mu 1893. Peñarol ya ku Uruguay inayamba ngati kalabu ya ogwira ntchito panjanji ya Angerezi, ndipo timu yakale kwambiri ku Italy mpaka lero imatchedwa Genoa Cricket and Football Club. M'mayiko onsewa anthu anali akukhamukira m'matauni kukagwira ntchito m'mafakitale, anali atayamba kupatsidwa mpata wopuma kumapeto kwa sabata, ndipo analibe masewera a mtundu wonse oti n'kulipira pachipata kukaonera. Mpira unapeza nyumba yopanda mwini, n'kuyala mphasa.

Ku Africa unadzera m'sukulu za mishoni, m'misasa ya asilikali ndi m'migodi. Mayina a matimu akale a ku Zambia amanena okha kumene anabadwira: Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers, Roan United, Nkana. Atsamunda ankaganiza kuti akuphunzitsa anyamata mwambo ndi kumvera wezulo, koma anyamatawo anasandutsa mpira chida chawo. Mu April 1958 osewera a ku Algeria, kuphatikizapo Rachid Mekhloufi amene France inkamudalira pa chikho cha dziko lonse chaka chomwecho, anathawa m'makalabu a ku France n'kukapanga timu ya gulu lomenyera ufulu la FLN, dziko lawo lisanakhale n'komwe pa mapu ngati dziko loima palokha. Kwame Nkrumah anagwiritsa ntchito Black Stars pouza dziko kuti Ghana yabadwa. Kwa mayiko atsopano, mbendera, nyimbo ya fuko ndi timu ya mpira zinkabwera mtolo umodzi.

Ku America zinthu zinatsala pang'ono kuyenda chimodzimodzi. Masewera oyamba a pakati pa makoleji, Rutgers ndi Princeton pa 6 November 1869, anali omenya mpira wobulungira ndi miyendo, anthu 25 mbali iliyonse, ndipo Rutgers inapambana 6-4. Anthu a ku America amawerenga tsikuli ngati chiyambi cha football yawo, koma amene akanaonera akanati ndi mpira wathu womwewu, wongosokonekera. Chinakhotetsa njira ndi Harvard. Sukuluyi inkakonda masewera ake olola kugwira mpira, ndipo mu May 1874 inalandira alendo a ku McGill University ya ku Montreal amene ankasewera rugby. Anyamata a Harvard anaikonda, anakopa Yale, ndipo pofika 1876 makoleji otchuka anali atatengera malamulo a rugby. Kenaka Walter Camp wa ku Yale anayamba kuwasula: mu 1880 anachepetsa osewera kufika pa 11 n'kuika mzere umene matimu amayang'anizana asanayambe kulimbana, mu 1882 anabweretsa lamulo loti timu ipatsidwe maulendo owerengeka oti isunthe mpira mtunda wakutiwakuti. Kuponyera mpira kutsogolo kunaloledwa mu 1906. Apa panali patabadwa masewera ena, a America yekha, ndipo anabadwira m'sukulu za ana a mabwana zimene dziko lonse linkatengerako khalidwe.

Anthu wamba nawo anali kale ndi chawo. Baseball inafala nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, timu yoyamba yolipira osewera onse inali Cincinnati Red Stockings mu 1869, ndipo National League inayamba mu 1876, zaka 12 ligi ya mpira ya ku England isanayambe. Mu 1891 James Naismith anapeka basketball ku Springfield kuti anyamata akhale ndi chochita m'nyumba nthawi yachisanu. Mukaika zonsezi pakalendala muona vuto: baseball kuyambira April mpaka October, football kuyambira September mpaka kumayambiriro kwa chaka, basketball ndi hockey m'nyengo yozizira mpaka June. Mwezi wopanda mwini palibe. Tsamba la masewera m'nyuzipepala linali lodzaza, mabwalo anali ndi eni, ndipo bambo aliyense anali kale ndi timu yoti asiyire mwana wake.

America sili yokha pamenepa, ndipo ichi n'chimene chimanditsimikizira kuti nkhani ndi ya mbiri osati ya magazi. Australia inalemba malamulo a football yakeyake mu 1859, London isanalembe ake. Ireland inakhazikitsa Gaelic Athletic Association mu 1884 dala pofuna kukana masewera a Angerezi. New Zealand inagwa ndi rugby, Canada hockey, India ndi Pakistan cricket. Mayiko amene anali pafupi kwambiri ndi Britain pachilankhulo ndi pachibale ndi amene mpira wamiyendo unavutikamo, chifukwa anatola masewera ena a Angerezi msanga kapena anapanga awo. Ambiri mwa iwo ndi amenenso amati soccer. Liwuli Angerezi amalinyoza lero ngati la ku America, chonsecho linapekedwa ndi ophunzira a ku England komweko pofupikitsa liwu loti association, kuti asiyanitse ndi rugby.

Mpata wachiwiri unabwera m'zaka za m'ma 1920, ndipo ambiri sadziwa kuti unali waukulu bwanji. American Soccer League inayamba mu 1921 m'matauni a mafakitale a kumpoto chakum'mawa, kumene kunali anthu ochokera ku Scotland, England, Ireland ndi Portugal. Kampani ya zitsulo ya Bethlehem Steel inali ndi timu yoopsa. Fall River Marksmen, ya m'tauni ya mafakitale a nsalu, inkakoka anthu oposa 10,000 pamasewera akuluakulu, nthawi imene NFL inali khanda losadziwa ngati lidzakula. Malipiro anali abwino moti makalabu a ku Scotland ankadandaula kuti akuberedwa osewera. Archie Stark anamwetsa zigoli 67 m'nyengo imodzi ya 1924-25. Pachikho choyamba cha dziko lonse ku Uruguay mu 1930, America inafika ndime ya matimu anayi, ndipo munthu woyamba kumwetsa zigoli zitatu m'masewera amodzi pampikisanowu anali Bert Patenaude wa ku Fall River.

Zinatha ndi mkangano wa akuluakulu, monga zimathera zinthu zambiri zampira. Mu 1928 ligiyo inakangana ndi bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo pa za mpikisano wa chikho, matimu anaimitsidwa, ligi ina yopikisana nayo inakhazikitsidwa, ochemerera anasokonezeka. Pomwe ankagwirizana mu October 1929, msika wa masheya ku New York unagwa. Mafakitale amene ankalipira osewera anayamba kuchotsa anthu ntchito, ndipo pofika 1933 ligi inali itafa. Lamulo la 1924 linali litachepetsanso kwambiri alendo olowa m'dzikomo kuchokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya. Ana a amene analowa kale ankafuna kuoneka eni dziko, ndipo njira yachidule inali kusiya masewera a bambo awo. Joe DiMaggio anali mwana wa msodzi wa ku Sicily. Akanabadwira kwawo kwa makolo ake mwina akanakhala womwetsa zigoli, koma anakulira ku San Francisco n'kukhala mfumu ya baseball. Mpira wamiyendo unatsala ndi dzina loti masewera a alendo, oseweredwa Lamlungu m'mapaki ndi matimu a mayina a Chijeremani, Chigiriki ndi Chiyukireni.

Kenaka kunabwera wayilesi yakanema, n'kukhoma msomali. Football ya ku America ili ngati inapangidwira otsatsa malonda. Wotchi yake imati mphindi 60, koma masewera amatha maola atatu, chifukwa amaima akangogwetsana, amaima posinthana mpira, amaima mphunzitsi akapempha, ndipo mpata uliwonse muli galimoto, mowa kapena inshuwalansi yogulitsa. Super Bowl, fainolo ya NFL, ya February 2024 inaoneredwa ndi anthu pafupifupi 123 miliyoni m'dzikomo, ndipo masekondi 30 otsatsira malonda ankagula madola 7 miliyoni. Mpira wathu umayenda mphindi 45 osapumira. Wayilesi yakanema ya CBS itayesa kuonetsa ligi yatsopano ya mpira wamiyendo mu 1967, woyimbira wina anadzaulula kuti ena mwa mafaulo amene anaimba anali ongopatsa mpata otsatsa malonda.

Ligi ya North American Soccer League, imene inayamba mu 1968, inayesa njira yogula kutchuka. Kumayambiriro kwake kuli chingwe chofika kuno kwathu. Atlanta Chiefs, imene inatenga ligi chaka choyambacho, inali ndi Freddie Mwila ndi Emment Kapengwe a ku Zambia, komanso mnyamata wa ku Soweto dzina lake Kaizer Motaung. Iyeyu atabwerera kwawo anayambitsa timu mu 1970 n'kuipatsa dzina lake ndi la timu ya ku Atlanta ija, ndiye Kaizer Chiefs imene tikuidziwayi. Jomo Sono anachitanso chimodzimodzi atasewera ku New York Cosmos. Cosmos yomweyo ndiyo inabweretsa Pelé mu 1975 ndi Franz Beckenbauer mu 1977, ndipo chaka chimenecho inadzaza Giants Stadium ndi anthu oposa 77,000. Johan Cruyff ndi George Best nawo anabwera. Ligi inafufuma kufika matimu 24, ambiri akuwononga ndalama zimene analibe pofuna kufanana ndi Cosmos. Chinali chikomekome cha mkuyu. Pansi panalibe mizu, osewera a m'dzikomo anali ongodzazira malo, ndipo itatha nyengo ya 1984 ligi inatsekedwa.

Ligi imeneyi inasonyezanso kuti anthu a ku America kulepherana sakumva. Masewera akatha 1-1 iwo amaona ngati abedwa ndalama yapachipata. Choncho pofuna kupeza wopambana anapeka njira yoti wosewera ayambire mayadi 35 kuchokera pagolo, athamange ndi mpira, amenye pasanathe masekondi asanu. Major League Soccer (MLS) itayamba mu 1996 inatengera zomwezo, n'kuwonjeza wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Okonda baseball sanabwere, ndipo okonda mpira enieni ananyansidwa, mpaka zonsezo zinachotsedwa itatha nyengo ya 1999. Ine dandaulo loti zigoli n'zochepa sindilipatsa kulemera kwambiri. Masewera a football otha 21-14 kwenikweni ndi 3-2, kungoti chigoli chimodzi amachiwerenga kasanu ndi kawiri. Anthu omwewo amatama masewera a baseball otha 1-0 kuti ndi luso la woponya. Munthu amaona kukoma m'masewera amene anaphunzitsidwa kuonera ali pamwendo pa bambo ake, ndipo ena onse amaoneka ngati anthu akungothamangathamanga.

Chodabwitsa kwambiri, kwa ife a chikulunga, ndi ichi: ku America mpira wamiyendo ndi masewera a ana a opeza bwino. Ana mamiliyoni amasewera, makamaka kuyambira pamene mabungwe ngati American Youth Soccer Organization, limene linayamba ku California mu 1964, anaufalitsa m'madera a nyumba za mipanda ya maluwa. Makolo ankaukonda chifukwa suvulaza mutu ngati football ndipo mwana aliyense amapatsidwa mpata. Pachisankho cha 1996 andale anafika potchukitsa dzina loti soccer mom, kutanthauza mayi wa m'dera lotere wonyamula ana pagalimoto kupita nawo kumpira. Koma mwana akaonetsa luso, kuti akwere ayenera kulowa kalabu yoyendayenda, ndipo kholo limalipira madola masauzande pachaka: mphunzitsi, yunifolomu, mafuta, mahotela. Clint Dempsey, mmodzi mwa osewera abwino kwambiri amene dzikolo latulutsa, anakulira m'nyumba yangolo ku Nacogdoches m'chigawo cha Texas. Makolo ake ankayendetsa galimoto maola atatu kupita ku Dallas kuti akachite nawo zokonzekera, ndipo nthawi ina anamuimitsa kaye kuti ndalama zithandize mlongo wake amene ankasewera tenisi. Iyeyo anabwereranso. Ana a anthu ochokera ku Mexico, Honduras kapena Ghana amene amasewera m'mapaki mwa ulere, ambiri palibe amawaona.

Kwina konse ndalama imayenda chobwerera. Barcelona inatenga Messi ali ndi zaka 13 n'kumulipirira mankhwala, chifukwa kalabu imadziwa kuti mwana wa mmphawi ikamulera bwino adzaisewerera kapena idzamugulitsa. Ku America ntchito yolera osewera inapatsidwa masukulu. Lachisanu usiku tauni yonse ku Texas imakhala pabwalo la sekondale, Loweruka ndi la makoleji, ndipo bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 107,000, kuposa Wembley kapena Camp Nou. Njira imeneyi imayenda bwino pa football ndi basketball chifukwa palibe dziko lina lopikisana nalo kwenikweni pa kaleredwe. Pa mpira wamiyendo, mnyamata womaliza koleji ali ndi zaka 22, atasewera miyezi itatu kapena inayi pachaka, amakumana ndi mnzake wa ku France amene wakhala katswiri wolipidwa kuyambira ali ndi zaka 17. Makalabu a MLS tsopano ali ndi sukulu zawo za mpira, zambiri zaulere, koma dzikolo ndi lalikulu ndipo sukuluzo n'zochepa.

Kapangidwe ka ligi nakonso n'kachilendo. Kwathu timu ikachita ulesi imatuluka muligi, ndipo ya kumudzi ikalimbika imakwera. Leicester City inali muligi yachitatu mu 2009 n'kudzatenga Premier League mu 2016. Ku America ligi ndi kampani yotseka pakhomo: malo amagulidwa, ndipo San Diego FC inalowa MLS mu 2025 italipira ndalama zimene zinanenedwa kuti ndi madola 500 miliyoni. Timu yothera pansi siitsitsidwa, m'malo mwake imapatsidwa mwayi woyamba kusankha wosewera wabwino wochokera kukoleji. Timu ikhozanso kusamuka, monga Dodgers inachoka ku Brooklyn kupita ku Los Angeles mu 1958. Tayerekezani kumva kuti Bullets yasamukira ku Mzuzu chifukwa khonsolo ya kumeneko yalonjeza bwalo latsopano. M'zaka za m'ma 1980 phungu wina, Jack Kemp, amene kale anali wosewera football, ananena m'nyumba ya malamulo kuti mpira wamiyendo ndi masewera a chisosholizimu cha ku Ulaya. Zoseketsa n'zakuti NFL ndiyo imagawana ndalama za kanema mofanana, kuika malire a malipiro ndi kunyengerera wofooka, pamene ku Ulaya wolemera amadya wosauka popanda womuletsa.

Pali mbali imodzi imene America inatsogola, ndipo imatsimikiza mwambi uja woti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pamene England inaletsa amayi kusewera pamabwalo a makalabu ake kuyambira 1921 mpaka 1971, ndipo Brazil inawaletsa mwalamulo kuyambira 1941 mpaka 1979, America inakhazikitsa lamulo la Title IX mu 1972, lokakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kupereka mwayi wofanana kwa atsikana ndi anyamata. Makoleji anafunika masewera a timu yaikulu oti alinganize ndi football ya anyamata, ndipo mpira wamiyendo unali pomwepo, wotsika mtengo, mpando wake wopanda mwini. Njira ya masukulu ija imene imabwezera amuna m'mbuyo inapatsa akazi mabwalo, aphunzitsi ndi maphunziro aulere nthawi imene anzawo kwina ankathamangitsidwa pagalaundi. Zotsatira zake ndi zikho zinayi za dziko lonse: 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Fainolo ya 1999 yolimbana ndi China ku Rose Bowl inaoneredwa ndi anthu 90,185 pabwalo. Amuna pamene afika patali m'zaka zathu zino ndi ndime ya matimu asanu ndi atatu mu 2002, ndipo mu October 2017 anagonja 2-1 kwa Trinidad and Tobago n'kulephera kupita ku Russia.

Tisanamizane kuti zinthu zili pomwe zinali mu 1950. Chikho cha dziko lonse cha 1994, chimene ambiri ku Ulaya ankati chidzaseweredwa m'mabwalo opanda anthu, chinakoka anthu pafupifupi 3.6 miliyoni pamasewera 52, ndipo mipikisano isanu ndi iwiri yotsatira, ya masewera 64 uliwonse, sinafikepo. MLS inayamba ndi matimu 10, inatsala pang'ono kufa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inakoka David Beckham mu 2007 ndi Messi mu 2023, ndipo inafika matimu 30. Mu 2018 FIFA inapereka mpikisano wa 2026, woyamba wa matimu 48, kwa America, Canada ndi Mexico. Manchester United ndi Real Madrid atasewera masewera ongocheza pabwalo la Michigan lija mu 2014 panali anthu oposa 109,000. Ndipo amene timakangana m'mabala za Arsenal, Liverpool, Chelsea ndi Manchester United tizikumbukira kuti matimu onse anayiwa eni ake akuluakulu ndi a ku America: Stan Kroenke, Fenway Sports Group, gulu la Todd Boehly ndi banja la Glazer. Anthu wamba angakhale sanaukonde mpirawu, koma amalonda awo anaununkhiza kalekale.

Kungoti okonda mpira a m'dzikomo ndi omwazikana. Ena amadzuka m'mamawa Loweruka kuonera Premier League pa wayilesi yakanema ya NBC, imene yakhala ikuionetsa kuyambira 2013. Anthu oposa 60 miliyoni a m'dzikomo ndi ochokera ku mabanja a ku Latin America, ndipo ambiri mtima wawo uli ku Club América kapena Chivas za ku Mexico. Timu ya dziko la America ikamasewera ndi Mexico ku California imakhala ngati ili koyenda: pafainolo ya Gold Cup ya 2011 ku Rose Bowl, mwa anthu oposa 93,000 ochuluka anali atavala zobiriwira. Wokonda NFL amadziwa kuti akuonera ligi yabwino kuposa zonse padziko, ndipo wopambana baseball amatchedwa katswiri wa World Series, kutanthauza mpikisano wa dziko lonse, ngakhale matimu ake ndi a mayiko awiri okha. Wokonda MLS amadziwa kuti zabwino zenizeni zikuchitikira kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu ozolowera kukhala oyamba pa chilichonse izi zimawawawa.

Ku Kansas City ndi kumene zonsezi zimaonekera pamodzi. M'mphepete mwa mtsinje wa Missouri muli CPKC Stadium, bwalo limene linatsegulidwa mu March 2024, lomangidwira timu ya akazi ya Kansas City Current, lolowa anthu 11,500. Chaka chimenecho Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 muligi ya akazi ya NWSL, zimene palibe anali atafikapo, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, pamene Barbra Banda wa ku Zambia anamwetsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride chikho pafainolo yoseweredwa pabwalo lomwelo. Mipando inkatha masewera alionse, ndipo tiatsikana ta ku Missouri tinkabwera titavala jezi ya Mmalawi. Makilomita ochepa chakum'mawa kuli Arrowhead Stadium, kwawo kwa Kansas City Chiefs a NFL, kumene Lamlungu kumasonkhana anthu oposa 70,000, ambiri atafika m'mawa kudzawotcha nyama pamalo oimika magalimoto masewera asanayambe.